Ola Limene Boma la Dikirani Linasunga

Kodi mutapatsidwa ola lathunthu, ola la masana lokhala ndi dzuwa lake lomwe, n'kuuzidwa kuti mulisunge mpaka nyengo yozizira, mungalisunge pati? M'nkhokwe simungalithire, m'thumba simungalimange, kunsi kwa mphasa silingakhale. Yambani kuganiza, chifukwa funso limeneli linazunguza mitu ya nduna zonse za mu Ufumu wa Dikirani, ndipo linatsala pang'ono kupha munthu wina wokonza njinga amene anali asanalakwirepo wotchi ya munthu aliyense.

Dziko la Dikirani linkalamulidwa ndi Mfumu Sachedwa. Mfumuyi inali isanachedwepo pa msonkhano uliwonse chibadwire, pakuti m'dzikomo msonkhano unkayamba pamene mfumu yafika. Anthu ndiwo ankalakwitsa pofika msanga, ena mpaka kukomoka padzuwa chifukwa cha phuma lawolo.

Kunalinso mwambo wakale woti mkono wa mfumu sugwiridwa. Moni unkaperekedwa poomba m'manja uli chapatali. Telala wa kunyumba yachifumu ankayeza manja a majekete a mfumu pa chithunzithunzi chake, kotero kuti majekete ena ankalekeza m'zigongono, ena ankakwirira zala, malingana ndi pamene dzuwa linali pa tsiku loyezalo. Dokotala akafuna kumva kugunda kwa mtima wa mfumu ankagwira mkono wa nduna imene yakhala pafupi, ndipo ndunayo ikakhala ndi malungo, mfumu ndiyo inkamwa mankhwala.

Chaka china mfumu inapita kukacheza ku maiko ozizira a kutsidya kwa nyanja zamchere. Inabwerako ndi zinthu ziwiri: wotchi yagolide ndi nzeru. Wotchiyo anaimanga pamkono wake ndi mwini sitolo wa kumeneko, munthu wosadziwa mwambo, ndipo nduna zimene zinalipo zinatsinzina kuti zisaone. Nzeruyo mfumu inaisunga mpaka tsiku la bwalo lalikulu mumzinda wa Bweranimawa.

"Nduna zanga," inatero mfumu, "ndachiona chimene chinalemeretsa anthu aja. Si mafakitale ayi, si misewu ayi. Anthu aja amasunga dzuwa. Kukayamba kutentha amakankhira mawotchi awo kutsogolo ndi ola limodzi, olalo n'kulisunga. Kukayamba kuzizira amalibweza. Ife kuno dzuwa timangolitaya ngati madzi otsukira mbale."

Nduna zinaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. Imodzi inalira misozi, yati inali isanamvepo nzeru yolemera chotero ili m'mimba mopanda kanthu, ndipo nthawi yomweyo anaibweretsera tiyi.

Udindo wosunga ola anapatsidwa a Chilimkudza, amene anakhala Nduna ya Nthawi ndi Nyengo. Panalibe wotsutsa, chifukwa pa nkhani yosunga zinthu anali katswiri. Ali nduna ya zaulimi, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinadyedwa ndi anankafumbwe pamodzi ndi matumba ake ndi magalimoto amene anachinyamula.

Chinavuta chinali kusankha ola lochotsa. Wina anati kumaiko kuja amachotsa la usiku anthu ali m'tulo. Bwalo lonse linakana, lati tulo ta nduna ndi chuma cha dziko. La m'mawa linakanidwa chifukwa cha tiyi, la madzulo chifukwa cha zakumwa zina. Pomaliza anagwirizana kuchotsa ola la pakati pa thwelofu koloko ndi wani koloko masana a Loweruka, poti pa nthawi imeneyo palibe munthu wofunika amene amakhala akuchita chinthu chofunika.

Wayilesi inalengeza lamulolo m'mawa ndi madzulo: "Loweruka likudzali ikangokwana thwelofu koloko, nthawi yomweyo idzakhala wani koloko. Ola lotsalalo boma likusungirani, ndipo lidzabwezedwa kwa eni ake kukayamba kuzizira. Wopezeka ndi nthawi yakale m'nyumba, m'thumba kapena pakamwa adzaona zakuda."

Mumsika wa Zakwera anthu anamvetsera, kenaka aliyense anabwerera ku benchi lake.

"Atisungire shuga, atisungire mafuta ophikira," anatero mai Felesiya, ogulitsa makala. "Dzuwa ndiye chinthu chokhacho chimene sichinasowepo m'dziko muno. Koma poti alowererapo a Chilimkudza, gulanitu makala, anzanga, mdima ukubwera."

"Ine atenge ola limene apongozi anga amabwera kudzacheza," anatero wina wogulitsa kaunjika. "Asabwezenso."

Mmodzi yekha ndiye sanaseke. Ameneyu anali Nachisale, wogulitsa matimati moyandikana ndi mai Felesiya. Mwamuna wake, Yotamu Kachingwe, wokonza njinga, anali m'ndende ya Khalapompo chifukwa choyasamula mfumu ikulankhula pabwalo la masewero. Iye anauza khoti kuti sanayasamule, ankangokonzekera kufuula kuti mfumu ikhale ndi moyo wautali, koma woweruza anati pakamwa pofuula sipatuluka misozi. Ndipo popeza Yotamu anayasamula hafu pasiti thwelofu, woweruzayo, munthu wokonda dongosolo, analamula kuti adzatulukenso hafu pasiti thwelofu, Loweruka lomwe lija.

Loweruka litafika Nachisale anavala chitenje chake chatsopano, n'kukaima pachipata cha ndende. Kudzera m'zitsulo ankamuona mwamuna wake atavala kale zovala za kunyumba, kajumbo kali m'manja. Wotchi ya pansanja ya mumzinda inalira thwelofu koloko. Pompo munthu wa boma anakwera makwerero, n'kukankha muvi. Wotchi inaliranso kamodzi.

Mkulu wa ndende, a Mpiringidzo, anakankha muvi wa wotchi yawo ya pakhoma, n'kubwezera makiyi m'thumba.

"Bwana, tsegulanitu," anatero Nachisale. "Nthawi ija yapitirira."

"Sinapitirire, mai. Siinafike."

"Nanga pano si wani koloko?"

"Ndi wani koloko, inde. Koma inu hafu pasiti thwelofu mwaiona ikudutsa pano? Ine sindinaione. Khoti linati munthuyu atuluke hafu pasiti thwelofu. Ikadzakwana ndidzatsegula ndi manja awiri."

"Mawa ikwananso."

"Ya mawa ndi ya Lamulungu, mai. Yathu ndi ya Loweruka lino, ndipo ili m'manja mwa boma. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Yotamu anakanikiza nkhope pazitsulo. "Nachisale, musakangane nawo. Kwangotsala theka la ola. Pitani mukatereke madzi osamba."

Koma nkhani inali isanathe. Madzulo akaidi akulandira chakudya, Yotamu anatambasula mbale yake, wophika n'kumudumpha. A Mpiringidzo anafotokoza mwaulemu kuti chakudya cha boma n'cha akaidi, ndipo ukaidi wa Yotamu unatha, chimene chinatsala n'kutuluka kokha. Sangamutulutse poti nthawi siinakwane, sangamudyetse poti si mkaidi. Anamulola kugona pakhonde la m'kati, pafupi ndi chipata, kuti nthawi ikadzakwana asadzachedwe.

Kuyambira tsikulo Nachisale ankasiyira mai Felesiya benchi lake masana alionse, n'kupita ku Khalapompo ndi mbatata kapena chinangwa chophika. Alonda ankalawa chakudyacho pofuna kuteteza Yotamu ku poizoni, ndipo ankalawa mwakhama kwambiri kotero kuti chimene chinkafika kwa mwini wake chinali makoko. Akachoka kundende ankapita ku Unduna wa Nthawi ndi Nyengo. Wotchi analibe, choncho njira yonse ankafunsa aliyense wokumana naye, "Pepani, nthawi ili bwanji?" mpaka ana a mumsewu anayamba kumupatsa moni ndi funso lomwelo.

Ku unduna ankamuuza kuti abwere mawa, monga mwa dzina la mzindawo. Tsiku lina mwamwayi anakumana ndi a Chilimkudza eni ake akutsika masitepe, dzuwa likadali pamutu, akuweruka.

"Olemekezeka," anatero Nachisale atagwada, "sindikupempha ola lonse. Mundibwereke theka lokha, amuna anga atulukire. Ndidzabweza."

"Mai, mukuganiza ngati munthu wosakonda dziko lake," anatero a Chilimkudza. "Tikakupatsani inu theka, mawa abwera wina kufuna kota, mkuja wina kufuna mphindi zisanu. Pofika nyengo yozizira tidzabweza chiyani? Ola lanu lili pabwino."

"Lili pati, bwana? Ndikangoliona ndi maso, mtima ukhala pansi."

"Pamalo otetezedwa."

"Anankafumbwe safikapo?"

A Chilimkudza anakwera galimoto n'kumapita.

Mvula inagwa, anthu anadzala, anapalira. Munda wa Yotamu unamera zisoso zokhazokha. Njinga za makasitomala ake zinachita dzimbiri pansi pa mtengo wa mango. Iye mwini anayamba kuboola mabowo atsopano pa lamba wake, koma tsiku lililonse ankauza mkazi wake mawu omwewo, kuti kwangotsala theka la ola.

Kunja zinthu zinkayenda bwino, malinga ndi wayilesi. Ana a sukulu ankadzuka nkhuku zisanatsike, n'kumagona m'kalasi pofuna kusunga dzuwa. Ogwira ntchito m'boma ankafika pa nthawi yakale n'kuweruka pa nthawi yatsopano, poti munthu sasiya mwambo wa makolo tsiku limodzi. Anthu anaonanso kuti kudikira mfumu pamisonkhano kwatalikirako kuposa kale. Nduna zinafotokoza kuti ntchito yoyang'anira dzuwa yaichulukira mfumu, ndipo zinaiwonjezera dzina laulemu loti Mwini Dzuwa.

Kenaka kunayamba kuzizira. Anthu anatulutsa majuzi, mai Felesiya anakweza makala, milomo ya ana inayamba kung'aluka. Nachisale anachapa chitenje chake chija. Koma Loweruka linadutsa, linanso linadutsa, wayilesi ili chete pa za ola.

Zoona zake n'zakuti nduna zinali zitazolowera kuweruka dzuwa likadalipo, n'kumakafika kumalo a zakumwa mipando yabwino isanathe. Komanso a Chilimkudza atafunsidwa m'bwalo la nduna kuti ola lija analiika pati, anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi, anasisita matumba a jekete. Nduna ina yachinyamata inati bwanji angobweza mivi ya mawotchi m'mbuyo, nkhani ithe. A Chilimkudza anaidzudzula kolimba.

"Mukufuna tipatse anthu ola lachinyengo? Mfumu inalamula kuti tibweze ola limene tinatenga, la Loweruka lija, ndi dzuwa lake lomwe. Munthu akakusungitsa mbuzi yoyera sum'bwezera yakuda."

Choncho anakhazikitsa komiti yofufuza kumene kunapita ola, ndipo wapampando wake anali a Chilimkudza. Komitiyo inatsegula nkhokwe zonse za boma n'kupeza zili mbee, zimene sizinadabwitse munthu. Inafufuza kumalire a dziko, poganiza kuti ola analiozetsa usiku pa njinga. Inafika mpaka mumsika wa Zakwera n'kuvundukula matumba a makala a mai Felesiya.

"Mwalipeza, bwana?" anafunsa mai Felesiya akukutumula fumbi. "Mukalipeza mundigawireko, ndikagone. Maola anga onse mwathera inu."

Nachisale atakafika ku Khalapompo tsiku limenelo anapeza mwamuna wake atakhala pansi, atatsamira chipata, akutsokomola. Pakhonde paja mphepo ya chisanu inkalowa mbali zonse, ndipo bulangete la boma nalonso linali la akaidi okha. Yotamu sanaimirire. Sananenenso za theka la ola. Anangoti, "Nachisale, zipangizo zanga zija mukapatse achimwene, zingaonongeke." Nachisale anabwerera kumsika, ndipo tsiku lonse anagulitsa matimati osaika basela.

Boma litaona kuti ola silikupezeka, linachita chimene boma lanzeru limachita: linakonza chikondwerero. Loweruka lotsatira kunali Tsiku Lothokoza Mwini Dzuwa Chifukwa Chosunga Kuwala. Msika unatsekedwa, amayi onse analamulidwa kukavina pabwalo la masewero. Nachisale anasankhidwa kukapereka dengu la matimati kwa mfumu, poti ake ndiwo anali ofiira kuposa a wina aliyense. Mkulu woyendetsa mwambo anamuphunzitsa mawu oti akanene: "Mwini Dzuwa, kuwala kwanu kwapsetsa matimati athu." Anam'bwerezetsa mpaka lilime kuuma, n'kumuchenjeza kuti akaphonya liwu limodzi akagona limodzi ndi mwamuna wake, koma iyeyo m'kati mwenimweni mwa ndende.

Amayi anafika m'bandakucha. Anavina kukuzizira, anavina kutafunda, anavina dzuwa lili paliwombo, mipando ya kutsogolo ikadali yopanda anthu. Mfumu inafika mivi ya wotchi ya pansanja itapitirira wani koloko, ndipo woyendetsa mwambo anathokoza Mwini Dzuwa chifukwa chosunga nthawi monga mwa masiku onse.

Nachisale anayenda chogwada, dengu lili pamutu, mpaka pamphasa ya patsogolo pa mpando wachifumu. Anatula dengu. Anakweza maso pang'ono. Tsiku limenelo mfumu inali itavala jekete limene telala anayeza masana, chithunzithunzi chili chachifupi, kotero kuti mkono unali pamtunda, ndipo wotchi yagolide inkang'anima pamaso pake penipeni.

Mawu onse anaphunzira aja anauluka. Anafunafuna Mwini Dzuwa m'mutu mwake, osam'peza. Anafunafuna matimati, osawapeza ngakhale anali patsogolo pake. Pakamwa pake panangotsala mawu amene anakhala akuwanena kwa aliyense wovala wotchi chichokereni chilimwe. Chimkuzamawu chinali pafupi, ndipo bwalo lonse linamva.

"Pepani, nthawi ili bwanji?"

Ng'oma zinaleka. Woyendetsa mwambo anagwira mutu. Asilikali awiri anayamba kuyandikira. Mai Felesiya, ali m'gulu la ovina, ananong'oneza mnzawo kuti, "Basi, tiziphika mbatata za anthu awiri."

Koma nkhope ya mfumu inawala. Pa zaka zonse za ufumu wake anthu ankaifunsa za njala, za mankhwala, za milatho yokokoloka, ndipo aka kanali koyamba kufunsidwa funso limene yankho lake inali nalo pafupi. Inakweza mkono pang'onopang'ono kuti aliyense aone golide, inatsinzina diso limodzi, n'kulankhula mokweza.

"Hafu pasiti thwelofu, mai."

Maso a anthu onse anapita ku wotchi ya pansanja, imene inkaoneka bwino kuseri kwa mpando wachifumu. Inkanena hafu pasiti wani. Maso onse anabwerera pansi msangamsanga, ngati aona apongozi akusamba.

Ku Dikirani mfumu siphonya. Wotchi ingaphonye, dzuwa lingaphonye, koma mfumu ayi. Posakhalitsa kumipando ya nduna kunayamba kumveka kaphokoso ngati ka nkhululu. Nduna iliyonse inali italowetsa dzanja kunsi kwa jekete, ikupotokola wotchi yake mwakachetechete, nkhope ikuyang'ana kutsogolo. A Chilimkudza, amene zala zawo zinali zozolowera kugwira ntchito mobisa, anatsiriza poyamba. Analumpha n'kulanda chimkuzamawu.

"Anthu a ku Dikirani! Mwadzionera nokha! Ola lija Mwini Dzuwa walibweza ndi pakamwa pake, la Loweruka, la masana, ndi dzuwa lake lomwe, monga momwe unduna wanga unakonzera!"

Nthungululu zinaphulika. Munthu wa makwerero uja anathamangira kunsanja. Mfumu, imene sinamvetse bwino chimene yachita, inagwedeza mutu modzichepetsa, n'kulamula kuti mai wa matimatiyo afunsenso funso lina. Koma pamphasa panali dengu lokha. Nachisale anali atadutsa kale pachipata cha bwalo, chitenje atachikwinyira m'mawondo, akukuwira wakabaza.

Ku Khalapompo a Mpiringidzo anali atamva zonse pa wayilesi. Anabweza muvi wa wotchi yawo ya pakhoma, anaiyang'ana bwinobwino, anatulutsa makiyi, n'kutsegula ndi manja awiri monga analonjezera.

"Mwaona, a Kachingwe?" anatero. "Boma silinama. Theka la ola lija latha. Muziyenda, musatitsekere njira."

Yotamu anatuluka atagwira kajumbo dzanja limodzi, lina litagwira buluku kuti lingagwe. Anaima pamsewu akuphethira. Nachisale anatsika pa kabaza njinga isanaime.

"Mwachedwatu, Nachisale," anatero Yotamu. "Madzi aja munatereka?"

"Anaphwa, bambo. Tiyeni."

Dzuwa linamuomba Yotamu kumsana, thupi linamasuka, ndipo pakamwa pake panayamba kutseguka pang'onopang'ono, maso akulengeza misozi. Nachisale anaponya dzanja n'kutseka pakamwapo mwamphamvu, akuyang'ana alonda.

"Mezani," anatero. "Mukayasamulire kunyumba, chitseko chili chotseka."

Komiti yofufuza ija inapitirizabe ntchito yake mpaka chilimwe, pakuti si bwino kusiya ntchito pakati chifukwa chakuti chinthu chapezeka. Pomaliza inalengeza kuti ola linadyedwa ndi anankafumbwe, koma atamva mawu a mfumu anachita manyazi n'kulilavula. A Chilimkudza anakwezedwa kukhala Nduna Yosunga Mvula, ndipo mai Felesiya atamva anayamba kugula migolo.

Tsono inu amene mwakhala mukuganiza kuti ola lathunthu lingasungidwe pati, lekani kuvutika ndi nkhokwe ndi matumba. Tsiku limene dziko lonse linkakankha mivi ya mawotchi, panalibe munthu amene akanakhudza wotchi yagolide ija, ndipo mwini wake sankadziwa pokankhira. Nyengo yonseyo ola la anthu a ku Dikirani linali pamkono wa mfumu.